Buku Lopanda Chikuto

Tinanyamuka ku Ulongwe nkhungu isanapinde mphasa yake,
ine, chikwama, ndi buku lopanda chikuto
limene malemu malume anga a Jerivaziyo
anasiya pansi pa matiresi pamodzi ndi ngongole zawo.
Mu shapa tinalimo makumi awiri, kuwerengera ndi thumba la kachewere
lomwe linalipira mpando ngati munthu.

Tsamba loyamba kulibe. Lachiwiri mbewa inalawako.
Nkhani ikuyambira pakati pa chiganizo:
mwamuna wina waima pakhomo, chipewa m'manja,
sindikudziwa ngati akufika kapena akutsanzika.
Kunja minda ya kabichi ikutsetsereka m'zitunda,
ng'ombe zikukoka ngolo, mphuno zikufuka ngati mbaula.

Pa Musakama woyendetsa, a Anakleto, anazimitsa injini
kudikira munthu mmodzi wodzadzaza malo omwe panalibe.
Atsikana anagogoda zenera ndi nthochi ndi mazira owiritsa.
Ndinawerenga masamba khumi ndi anayi.
M'mphepete mwa limodzi malume analemba ndi pensulo: "Bodza ili."
M'munsi pang'ono: "Kapena ayi."

Kenako msewu unayamba kutsika
ndipo juzi inayamba kundilemera.
Mitengo inafupika, udzu unachita imvi,
milambe inaima apa ndi apo, mimba patsogolo,
ngati eni nthaka osayankha moni.
Mwamuna uja ali ndi mkazi, ndazindikira tsopano,
ndipo akumubisira kalata.

Ku Moatize fumbi la malasha linalowa pa zenera losatsekeka
n'kutera pa mawu, kuwonjezera madontho akeake.
Ndinapukuta, chala chinasiya chidindo;
tsamba limenelo tsopano ndasainira ndine.
Sitima inadutsa, mabogi osatha,
ndinawawerenga mpaka makumi asanu
n'kutaya chiwerengero, n'kutayanso pomwe ndinalekezera.

Ku Tete dzuwa saliyang'ana kumwamba,
amalisenza pamutu ngati mtolo wa nkhuni.
Pa mlatho ndinatseka buku.
Zambezi sawerengedwa ndi diso limodzi.
Mayi wa pambali panga, Dona Benvinda, ananena china m'Chinyungwe,
ndinamva theka, theka linalo ndinalitola m'kuseka kwawo.
Anandithira masau m'dzanja,
phesi la limodzi n'kukhala chondisungira tsamba.

Njira ya ku Chitima eni ake ndi mbuzi.
Mitsinje ndi ya mchenga wokhawokha,
amayi agwada pakati pake, akukumba madzi amene anabisala.
Mkazi uja wapeza kalata.
Sanaitsegule. Waiika pansi pa mtsuko n'kupita kukasesa.
Apa malume sanalembepo kanthu,
koma pepala ndi lofufuma, ngati linanyowapo kale.
Ndinayang'ana kunja nthawi yaitali.
Mawaya a magetsi ankayenda pamwamba pa madenga a udzu,
achangu, osapatukira pa khomo la munthu.

Tinakwera phiri la Songo madzulo,
injini ikutsokomola pokhota paliponse,
ndipo kamphepo kozizira kanalowa,
ngati ka kwathu kanatitsatira mozemba tsiku lonse.
Ndinavalanso juzi.
Patsala masamba atatu, ndinadziuza, ndimaliza ndisanatsike.
Koma buku likuthera pa "ndipo iye anati,"
otsalawo wina anapichirira fodya kalekale.

Ndinatsika ndi miyendo ya dzanzi,
fungo la kapenta wouma likundilandira pa siteji.
A Anakleto anafunsa akumasula zingwe za katundu,
"Yatha bwanji nkhani yanu ija, achimwene?"
Ndinati sinathe, yangotsika nafe pano.
Anaseka, n'kundibwereka cholembera chawo chothyoka.
Pansi pa mzere womaliza, pomwe malume analekera malo,
ndinalemba ndi dzanja lonjenjemerabe ndi msewu:
"Ulongwe mpaka Songo, Lachinayi, fumbi ndi masau.
Lolemba ndibwerera nalo.
Mwina potsika phiri mkaziyo adzalankhula."